Kavalidwe Koyenera Popita ku Intavyu mu Lusaka

Mukaitanidwa ku intavyu, yambani mwaganizira mtundu wa ntchito imene mukufuna, chifukwa zovala zoyenera ku banki ya mu Cairo Road zimasiyana ndi zoyenera ku fakitale. Ngati ndi ntchito ya mu ofesi, mwamuna avale shati yoyera, thalauzi lakuda, tayi ndi nsapato zopolishidwa, pamene mkazi avale siketi yopitirira mawondo ndi bulauzi yosaonekera m'kati. Diresi la chitenge losokedwa bwino ndi telala nalonso ndi laulemu, malinga ngati mitundu yake si yothobwa m'maso.

Sikofunika kuwononga ndalama zambiri. Pa salaula ku Soweto Market pamapezeka majekete abwino ndithu, koma muyese kaye musanalipire, pakuti jekete lothina m'mapewa limaonekera patali. Mukagula, lichapeni kuti fungo la m'belo lichoke, ndipo musite dzulo lake, popeza magetsi angathe kuzima m'mawa.

Nyengo nayonso muiganizire. M'mwezi wa Okutobala kumatentha kwambiri, choncho jekete mulinyamule m'manja mukakhala mu minibasi, mukalivale mutafika pakhomo. M'nyengo ya mvula, makamaka kwa okhala ku Kanyama kumene madzi amadzaza m'misewu, ndi nzeru kuyenda ndi nsapato zakale, zabwinozo n'kuziika m'chikwama pamodzi ndi kansalu kopukutira.

Mafuta onunkhira akhale ochepa, chifukwa chipinda chofunsiramo nthawi zambiri chimakhala chaching'ono. Masatifiketi ndi chitupa cha boma chokuzindikiritsani (NRC) muziike mu envulopu yolimba kuti zisakwinyike.