Momwe mungasiyire kulipira mapulogalamu mwezi ndi mwezi ngati mumagwira ntchito panokha

Kuno ku Ulónguè ndimapanga mawebusayiti ndi timapulogalamu ta masitolo, magulu a alimi a mbatatesi, ndi makasitomala angapo a ku Tete ndi Moatize. Ntchito imabwera mwa apo ndi apo, koma mapulogalamu omwe ndinkagwiritsa ntchito ankadula ndalama pa khadi langa mwezi uliwonse, kaya ndapeza ntchito kaya ayi. Ankadulanso m'madola. Dola imodzi inali pafupifupi mametikali 64, ndiye madola 50 omwe ndinkalipira ankapitirira mametikali 3,000 pamwezi, osawerengera zomwe banki imatengapo pa malipiro akunja. Chaka chatha ndinasiya zonsezo n'kuyamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu aulere, ndipo ntchito ikuyenda.

Yambani ndi extracto ya ku banki (chikalata choonetsa ndalama zolowa ndi zotuluka) ya miyezi itatu yapitayi. Lembani papepala chilichonse chomwe chimadulidwa chokha, tsiku lake ndi mtengo wake. Ine ndinapezamo pulogalamu ina yomwe ndinaiyesa kamodzi n'kuiiwala. Muonenso bwino mtundu wa mgwirizano, chifukwa ina imaoneka ngati ya mwezi pomwe ndi ya chaka chonse yolipira pang'onopang'ono, ndipo mukaisiya pakati amakulipiritsani chindapusa. Yotereyo idikireni ithe.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe ndinapsa. Musathetse kanthu musanatulutse mafayilo anu onse.

Ine ndinachita changu. Ndinathetsa pulogalamu yojambulira Lachisanu madzulo, ndili wokondwa kuti ndapulumutsa ndalama. Patapita milungu iwiri, mayi wina wapampando wa gulu la alimi ku Tsangano anandiimbira: "Achimwene, nambala ya foni pa chizindikiro chathu chija yasintha, tikonzereni, matumba tikusindikiza Lolemba." Ntchito ya mphindi zisanu. Ndinatsegula fayilo ija mu Inkscape, pulogalamu yaulere yojambulira yomwe ndinasinthira, zilembo zonse zitasintha maonekedwe, mawu atasefukira kunja kwa bwalo la chizindikiro. Sindinadziwe kuti mafonti omwe ndinagwiritsa ntchito anali obwereka. Ankabwera limodzi ndi malipiro a mwezi, ndipo nditasiya kulipira anachoka pa kompyuta yanga. Mafayilo enanso anali pa seva ya kampani ya pulogalamuyo, pa laputopu panalibe. Ndinalipiranso mwezi wathunthu kuti ndingotsegula zinthu zanga zomwe, ndipo khadi linakana kawiri lisanadutse. Ndinamaliza Lamlungu usiku, mayi aja atandiimbira katatu. Zinandipweteka chifukwa ankandikhulupirira.

Ndiye chitani chonchi mudakali olipira. Fayilo iliyonse yojambula muisunge m'mitundu itatu: mtundu wake weniweni, SVG ndi PDF. Pa zizindikiro za makasitomala sungani kope lina lomwe zilembo zasandutsidwa mizere, kuti lisadalirenso fonti iliyonse. Lembani mayina a mafonti onse omwe mwagwiritsa ntchito, kenako mufufuze ofanana nawo pa Google Fonts, omwe ndi aulere ngakhale pa ntchito ya malonda. Zithunzi za PSD zimatseguka mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, koma zokongoletsa zina sizituluka momwe zinalili, choncho tulutsaninso PNG ya chilichonse. Zikatero zimitsani intaneti, mutsegule mafayilo amenewa limodzilimodzi ndi pulogalamu yatsopanoyo. Lomwe latseguka bwino popanda intaneti ndiye lanu. Mukopere zonse pa disiki ina yakunja musanadine batani lothetsa. Ine zinanditengera masiku atatu, ndipo sindidandaula nawo.

Mapulogalamu atsopanowo muwatenge pa mawebusayiti awo enieni basi. LibreOffice, yomwe imalowa m'malo mwa Word ndi Excel, yokha ndi pafupifupi 350MB, ndiye ngati bandulo yanu ya Movitel kapena Vodacom ndi yochepa, mmodzi atsitse, ena mukopere pa fulashi. Zimenezi n'zololedwa, ndi mmene mapulogalamuwa anapangidwira. Koma chenjerani ndi anyamata ogulitsa mapulogalamu othyola pamsika, aja amati "zonse zilimo, bwana, mametikali 200 okha." Pa kompyuta yanu pali mapasiwedi a maseva a anthu ena. Mukalowetsamo kachilombo, simwadziphera nokha, mwapheranso kasitomala.

Za muofesi ndi LibreOffice. Makasitomala anga ambiri amalemba m'Chipwitikizi ndipo amatumiza mafayilo a Word, choncho ikani dikishonale ya Chipwitikizi, komanso fonti ya Carlito, yomwe kukula kwa zilembo zake n'kofanana ndi Calibri. Popanda imeneyi masamba amasuntha. Liberation Sans imachita chimodzimodzi m'malo mwa Arial. Fatura (mapepala olipiritsira makasitomala) ndimapanga mu Calc ya LibreOffice, NUIT yanga (nambala ya msonkho) ili kale pamwamba, ndipo ndimatumiza ngati PDF nthawi zonse kuti isasokonekere pa foni ya munthu. Kasitomala akalipira pa M-Pesa kapena e-Mola ndimalemba pa tsamba lachiwiri la fayilo yomweyo. Pulogalamu yolipira yowerengera ndalama sindinaifunenso.

Polemba khodi, VS Code ndi yaulere ndipo imakwanira PHP, Python ndi JavaScript. Kunena zoona, sabata yoyamba ndinkaisowa pulogalamu yanga yakale, makamaka posintha dzina la chinthu m'mafayilo ambiri nthawi imodzi, koma zala zinazolowera. Webusayiti ya GitHub inayamba kupereka malo obisika osungira khodi kwaulere mu 2019, ndiye palibe chifukwa cholipirira zimenezo.  Pa database ndi DBeaver Community. Pojambula maonekedwe a webusayiti pali Penpot, ngakhale imafuna intaneti yokhazikika, ndipo masiku a mvula kuno ndimangojambula mu Inkscape.

Satifiketi ya SSL, yomwe imateteza webusayiti n'kuonetsa kaloko pambali pa adilesi yake, musagulenso. Let's Encrypt imapereka yaulere, ndipo kapulogalamu ka Certbot kamaikonzanso kokha isanathe. Wina akakuuzani kuti mulipire chaka ndi chaka chifukwa cha kaloko kaja pa webusayiti ya sitolo wamba, mufunseni chifukwa chake. Webusayiti yongoonetsa zithunzi, mitengo ndi nambala ya foni ikhoza kukhala pa Cloudflare Pages osalipira kanthu.

Mapasiwedi ndi KeePassXC, imelo ndi Thunderbird, kusamutsa mafayilo pakati pa foni ndi laputopu ndi Syncthing. Linux Mint, yomwe imalowa m'malo mwa Windows, ndinaika pa laputopu yakale, koma musayambe ndi zimenezo, sinthani kaye mapulogalamu.

Zomwe ndikulipirabe ndi ziwiri: mayina a mawebusayiti, omwe ndimawaika pa fatura ya kasitomala, ndi seva imodzi yaing'ono yomwe imanyamula onse ofuna PHP. Ndalama yomwe yatsala miyezi yoyamba ndinagulira disiki yachiwiri, ndipo imakhala kwa mlongo wanga, osati m'nyumba imodzi ndi laputopu.