Momwe mungasankhire pakati pa gitala ya archtop yakale ndi yatsopano

Archtop ndi gitala ya mimba yotukuka ngati vayolini, ya mabowo awiri ooneka ngati chilembo cha f, imene oimba jazi amaikonda. Yakale imakopa mtima, koma musanatulutse ndalama tsatani izi.

1. Mudzaiimbira kuti? Ma archtop ena thabwa lake lapamwamba ndi losema, monga Gibson L-5 ndi aja ankapanga John D'Angelico ku New York. Mawu ake ndi okoma ngakhale popanda magetsi, koma mukakweza ampulifaya pafupi ndi ng'oma amayamba kukuwa okha. Ena ndi a matabwa opyapyala omatikiza, monga ES-175 imene Gibson inatulutsa mu 1949, ndipo sakuwa msanga. Woimba m'bandi, kutchalitchi kapena pa maukwati atenge yomatikiza.

2. Pezani mmisiri musanapeze gitala. Kwa ine nkhani yagona apa. Gitala ya zaka 60 idzafuna kukonzedwa, zivute zitani, ndipo okonza ma archtop kuno n'ngosowa. Ngati wapafupi ali ku Johannesburg, werengerani ulendowo pa mtengo.

3. Yakaleyo iunikeni bwinobwino. Yambani ndi bridge, kamtengo konyamula nsambo kaja. Kali ndi timagudumu tiwiri tokwezera ndi kutsitsira. Ngati tatsitsidwa mpaka kumapeto koma nsambo zikadali patali ndi khosi, ndiye kuti khosilo linaweramira kutsogolo; kulichotsa n'kulimatanso ndi ntchito yodula. Kenako yang'anani mimbayo chammbali: kodi yafwafwantika pansi pa bridge? Lowetsani kagalasi pabowo, walitsani tochi ya foni, muone ngati timitengo tochirikiza thabwa m'katimo sitinamatuke. Pulasitiki yakale ya celluloid ya m'mphepete ndi ya pickguard (chotchingira thabwa kuti lisakandike poimba) ikamaola imanyenyeka ngati shuga, n'kumatulutsa mpweya umene umadyetsa zitsulo dzimbiri. Mukaona zobiriwira pa zitsulo zoyandikana nayo, dziwani kuti yayamba kuola. Yesaninso ngati chitsulo cha m'kati mwa khosi, choliwongolera, chikuzungulira mukachipotokola. Pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo kupita ku ampulifaya) yosinthidwa kapena penti yatsopano sizilepheretsa kuimba, koma mtengo uyenera kutsika, ndiye nenererani.

4. Funsani mapepala. Magitala ambiri akale a ku America ali ndi thabwa la Brazilian rosewood pakhosi. Mtengowu unalowa m'gulu lotetezedwa kwambiri la CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, mu 1992, choncho kudutsa nawo malire kumafuna chilolezo. Wogulitsa pa misika ya pa intaneti ya Reverb kapena eBay akamazembazemba pankhaniyi, musiyeni. Onjezani ndalama yotumizira ndi msonkho wa kasitomu.

5. Yatsopano musaiderere. Ibanez Artcore, Epiphone ndi Godin 5th Avenue ya ku Canada ndi zomatikiza zimene zimagwira ntchito tsiku lomwelo. Eastman ya ku China imapanga zosema pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi L-5. Choipa chake n'chakuti mukadzafuna kuigulitsa simudzabweza ndalama yonse, pamene yakale yosamalidwa bwino mtengo wake sugwa msanga.

6. Ganizirani nyengo yathu. Thabwa losema limafuna chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kuuma kwa mu Okutobala kumaling'alula, chinyezi cha mu Januwale kumalitupitsa. Yomatikiza imapirira zonsezi.

7. Ziyeseni pa ampulifaya imodzi, ndi nsambo zofanana, makamaka zosalala za flatwound. Muimbe nyimbo imene zala zanu zinaizolowera, kenako mupatse mnzanu aimbe inu mukumvera chapatali.

Ngati ikhala gitala yanu yokhayo, yodyera, gulani yatsopano. Yakale idikire mpaka mudzakhale ndi ina yopita nayo kuntchito komanso mmisiri wodalirika. Iliyonse imene mungatenge, posintha nsambo muzichotsa imodziimodzi. Bridge ya archtop siimatidwa, imangopanikizidwa ndi nsambo, ndipo ikasuntha pang'ono gitala yonse imasiya kutchunika. Ikani katepi pamalo pake musanayambe.