Kaoneredwe ka katuni ya Avatar pamodzi ndi ana

Katuni ya Avatar: The Last Airbender inkaonetsedwa pa Nickelodeon kuyambira 2005 mpaka 2008. Ili ndi magawo 61 m'zigawo zitatu zotchedwa Madzi, Nthaka ndi Moto, ndipo gawo lililonse limatenga mphindi pafupifupi 23. Ndi yabwino kwa mwana wa zaka 7 kupita m'tsogolo. Poifuna, kaya pa intaneti kaya kwa oika mafilimu mu fulashi ku Kawale kapena ku Area 25, tchulani dzina lonse ndipo nenani kuti mukufuna katuni. Mukangoti Avatar, akupatsani filimu ya anthu abuluu ija.

Musanawaitane ana, onani ngati magawo ali mu ndondomeko yake. Nkhaniyi ndi imodzi kuyambira poyamba mpaka pothera, choncho mwana akalumpha magawo samvetsa chomwe chikumusintha Zuko, mwana wa mfumu ya dziko la Moto. Magawo awiri pa tsiku akukwana. Kuposa apo ana amangotsatira ndewu.

Khalani nawo pompo. Zonse zili m'Chingerezi, ndiye muziimitsa kaye ndi kufotokoza m'Chichewa. Mawu amodzi osamala nawo: Zuko amamutcha Iroh kuti uncle, koma Iroh ndi mkulu wake wa bambo a Zuko. Kwathu kuno amenewo ndi bambo aakulu, osati malume. Mwana akamva zimenezi amazindikira msanga chifukwa chake mkuluyu akumulera mnyamatayo ngati wobereka yekha.

Pali magawo ofuna kukonzekera. Mu gawo 3 la chigawo cha Madzi, Aang, mwininkhani wa zaka 12 yemwe ndiye Avatar, akupeza mafupa a Gyatso yemwe anamulera. Ngati pakhomo pagwa maliro posachedwa, muuzeni mwana pasadakhale, ndipo akalira musamuletse. Gawo 12 la chigawo chomwecho ndilo lofunika kwambiri pa nkhani ya kukula: likuonetsa kuti Aang anathawa udindo wa Avatar, wosungitsa mtendere pa dziko, chifukwa cha mantha, komanso kuti chipsera cha Zuko anamuotcha ndi bambo ake omwe, atalankhula mosaloledwa pa msonkhano wa nkhondo. Likatha zimitsani TV ndi kufunsa funso limodzi lokha, monga lakuti, "Ukanakhala Aang ukanatani?" Ambiri amalakwitsa apa: amayamba kulalikira, mwana n'kutseka pakamwa. Dikirani ayankhe yekha, ngakhale mawa lake popita kusukulu. Mwana akanena kuti nayenso amaopa munthu wina wamkulu, siyani za katunizo, mumumvetsere.

Gawo 8 la chigawo cha Moto, lonena za gogo Hama, ndi loopsa ndithu. Lionereni masana.

Makolo ena amada nkhawa kuti kuyendetsa madzi ndi moto ndi manja, komwe anthu a m'katuniyi amachita, n'zamatsenga, komanso kuti Avatar amabadwanso m'thupi lina. Musazembe nkhaniyi. Auzeni ana kuti ndi nthano ngati za Kalulu, kuti kasunthidwe ka manjako kanatengedwa ku masewera omenyana a ku China, kenako afotokozereni zimene banja lanu limakhulupirira.