Mapatani a manambala: yambani ndi timitengo, choko chibwere pambuyo

Aphunzitsi anzanga a Sitandade 5 mpaka 7, mutu wa mapatani a manambala musauyambire pabolodi. Mukalemba 4, 7, 10, 13 n'kufunsa nambala yotsatira, ana adzakuwa kuti 16, inu n'kukhutira kuti amva. Koma afunseni nambala ya pamalo a 20, mudzaona kalasi yonse ikuwerenga zala mpaka belu kulira. Mwana amene wamvetsa patani ndi amene angadumphe n'kukafika kutali osadutsa nambala iliyonse, ndipo ine kuno ku Chinamwali ndimafika nawo pamenepo motere.

Dzulo lake ndimawauza kuti abwere ndi timitengo totalika ngati machesi (tsekera zodula bwino zimachita) ndi zitsekerero za mabotolo. Timatuluka panja, kukhala m'magulu pamchenga. Gulu lililonse lipange sikweya imodzi: timitengo 4. Kenaka alumikize sikweya yachiwiri pambali pa yoyambayo. Apa musafulumire. Funsani kuti awonjezera tingati, ndipo akati 3, funsaninso chifukwa chake si 4. Pamapezeka mwana wonena kuti, "Aphunzitsi, khoma limodzi lilipo kale." Phunziro lonse lagona pa yankho limeneli. Apitirize mpaka masikweya 5, mmodzi azilemba m'kope: 4, 7, 10, 13, 16.

Ndimawalola kufotokoza m'Chichewa. N'zoona kuti m'makalasi amenewa masamu ali m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB adzabweranso m'Chingerezi, koma mwana amene sangalongosole lamulo la patani m'chinenero chake sangalilongosolenso m'chachilendo. Anene kaye, polemba ndiye tisinthe.

Tsopano funsani za masikweya 10, asanawapange. Ambiri adzati 32, poganiza kuti ngati 5 adya timitengo 16, ndiye kuti 10 adya kawiri kwake. Musawakonze. Lembani 32 pansi pomwepo, aapange, awerenge okha. Adzapeza 31, ndipo mkangano umene umabuka pofuna kamtengo kosowako ndi wokoma kuposa kufotokoza kulikonse kumene ine ndingachite. Amadzaona kuti mizere iwiri ya masikweya 5 ikakumana, khoma limodzi limagwira ntchito mbali zonse ziwiri.

Akafika apa, chotsani zonse, musiye kamtengo kamodzi chiimire. Sikweya iliyonse, ngakhale yoyamba, ikufuna 3 owonjezera pa kamtengo kameneka. Lamulo latuluka: chulukitsa chiwerengero cha masikweya ndi 3, uphatikize 1. Masikweya 20 ndi timitengo 61. Litembenuzeninso funso: ndi timitengo 100 tipanga masikweya angati? Achotse 1, agawe 99 ndi 3, apeze 33. Wokhoza funso lotembenuzali ndimadziwa kuti sanangoloweza.

Kalendala yakale ndi yothandiza poyeserera mwachangu. Kutsika mumzere umodzi manambala amakwera ndi 7, kutsika chopingasa kumanja ndi 8, kumanzere ndi 6. Afunseni chifukwa chake, adzakumbukira okha kuti sabata ili ndi masiku 7.

Tsiku lina tengani zitsekerero zija, chifukwa ana asamaganize kuti patani iliyonse imakwera mofanana. Ayale chimodzi pamwamba, ziwiri pansi pake, zitatu, zinayi, monga amayi amaunjikira tomato mumsika wa Zomba. Zonse pamodzi zimapita 1, 3, 6, 10, 15, ndipo zowonjezera nazo zikukula: 2, 3, 4, 5. Magulu awiri aphatikize milu yawo ya mizere 4, wina chozondoka, papangike rekitango ya 4 ndi 5. Zonse ndi 20, theka lake 10. Ana a Sitandade 7 angagwiritse njira yomweyi kuphatikiza manambala onse kuyambira 1 mpaka 100: 100 kuchulukitsa ndi 101, kugawa pawiri, 5050.

Nthawi ikalola ndimabweretsa chinanazi. Ndimalemba 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, m'mene nambala iliyonse imachokera pophatikiza ziwiri zam'mbuyo, patani imene Leonardo Fibonacci wa ku Pisa analemba mu 1202. Ana akatsata maso a chinanazi m'mizere yake yozungulira, kawirikawiri amapeza 8 mbali ina ndi 13 mbali inayo.

Pochonga samalani ndi mafunso aafupi. Mukapereka 1, 2, 4, wina adzalemba 8 chifukwa akuchulukitsa ndi 2, wina 7 chifukwa akuwonjezera 1, kenaka 2, kenaka 3. Onse akhoza. Choncho perekani manambala osachepera anayi, ndipo pansi pa yankho pakhale mzere woti mwana alembepo lamulo limene watsata. Malikisi ambiri ine ndimaika pa mzere umenewo.