Buledi wa sourdough: kumudziwa weniweni ndi kumuphika kuno ku Mzuzu

Mwezi wathawu ndinali ndi gulu la amayi ophika masikono ndi mandasi ku Chibavi. Mayi wina anabwera ndi buledi wozungulira atamukulunga m'chitenje, nati wamugula m'tauni pamtengo woposa kawiri wa buledi wamba, chifukwa papepala lake panalembedwa kuti ndi sourdough. M'maso anali wokopa ndithu: wofiirira bwino, pamwamba atawazapo fulawa ndi kuchekapo mizere ndi mpeni. Koma titamunyema, fungo la viniga linatilasa m'mphuno. M'kati munali mofewa ngati thonje, timabowo tonse tofanana, ndipo nditadinapo ndi chala panangotsala dzenje osabwereranso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anali buledi wa yisiti wamba amene anangomuveka malaya a mnzake.

Zinandiwawa, chifukwa amayi amenewa akufuna kulowa pamsika wa buledi wotereyu. Malo ogona alendo ndi malo omwera khofi muno mumzinda amamufunsa, makamaka chifukwa cha alendo opita ku Nkhata Bay, ku Livingstonia ndi ku Nyika. Wachinyengo akadzaza pamsika, wophika mwachilungamo sangapikisane naye pamtengo, ndipo wogula amalipira ndalama zambiri pa chinthu chimene sanalandire.

Dzinali ndi lachilendo koma ntchito yake si yachilendo kwa ife. Thobwa akagona amasasa. Mkaka ukakhala umasanduka chambiko. Kunyanja amaviika chinangwa masiku angapo asanachisinje kuti apeze ufa wa kondowole. Zonsezi zimachitika ndi tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Buledi wa sourdough nayenso amatupa ndi tizilombo totere, timene timakhala kale mu fulawa. Mukasakaniza fulawa ndi madzi n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku, mumalera mitundu iwiri ya tizilombo: yisiti wachilengedwe amene amatulutsa mpweya wotupitsa, ndi mabakiteriya amene amapanga asidi, wofanana ndi wa mu chambiko komanso wina wofanana ndi wa mu viniga. Phala limeneli ine ndimalitcha chotupitsa chamoyo. Ku Italy amati lievito madre, kutanthauza kuti ndi mayi wa zotupitsa, pakuti kuchokera mu botolo limodzi mumabadwa buledi wa zaka ndi zaka. Ku San Francisco, ku America, kuli bekale ya Boudin imene inayamba mu 1849 ndipo imadziwika ndi buledi ameneyu, ndipo bakiteriya wina amene asayansi anamufotokoza mu 1971 anamupatsa dzina la mzinda womwewo. Anzathu a ku Ethiopia amasunga madzi osasa otchedwa ersho kuti atupitsire mtanda wotsatira wa injera, buledi wawo wopyapyala. Aigupto akale ankaphika motere yisiti wa m'mapaketi asanaganiziridwe n'komwe.

Choncho buledi weniweni wa sourdough amafuna zinthu zitatu zokha: fulawa, madzi ndi mchere. Chachinayi ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene achinyengo amathawira. Yisiti wa m'paketi amatupitsa mtanda pa ola limodzi kapena awiri. Chotupitsa chamoyo chimafuna maola 6, 8, nthawi zina usiku wonse. Mu 1961 ku Chorleywood, ku England, anatulukira njira yokanda mtanda ndi makina othamanga kwambiri kuti buledi azituluka mu maola ochepa, ndipo buledi wofewa wa m'mapepala amene tinazolowera ndi wa mtundu wofulumira umenewu. Palibe cholakwa ndi buledi ameneyo. Ana athu akulira pa iyeyo. Cholakwa ndi kumutcha dzina la mnzake kuti mtengo ukwere.

Njira zonamizira ndi zodziwika. Ena amathira viniga kapena madzi a mandimu mu mtanda wa yisiti. Ena amathira yogati kapena chambiko. Mafakitale ena amagula ufa wa chotupitsa chouma chimene tizilombo take tinafa kale, choti chimangopereka fungo, ntchito yotupitsa n'kuisiyira yisiti. Ku Britain bungwe la Real Bread Campaign linafika popeka dzina lonyoza buledi wotere, loti sourfaux. Dziko la France linachita kukhazikitsa lamulo mu 1993: buledi wogulitsidwa ndi dzina loti pain au levain akhale ndi asidi wokwanira, muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH, umene umatsika asidi akachuluka, usapose 4.3, ndipo yisiti wa m'paketi ngati alipo asapitirire magalamu 2 pa kilogalamu ya fulawa.

Tsono inu wogula, poyamba tembenuzani pepala muwerenge zosakaniza. Chakudya chokutidwa chimayenera kulembedwa zimene zili m'kati, kuyambira chochuluka kutsikira kuchochepa, ndipo zolemba zotere ndi zina mwa zimene a Malawi Bureau of Standards amayang'anira. Mukaona yeast, vinegar, shuga, mafuta, kapena mankhwala oletsa nkhungu monga calcium propionate, dziwani kuti si amene mukumufunayo. Ngati palibe pepala, funsani wophikayo: "Chotupitsa chanu chili ndi nthawi yaitali bwanji? Mtandawu munaukanda liti?" Wophika weniweni nkhope imawala ndi funso limeneli. Amakutulutsirani botolo, n'kukuuzani kuti analidyetsa m'mawa. Wonamizira amayamba kuzungulira. Pa zizindikiro zonse, ichi cha botolo ndi chimene ndimachikhulupirira koposa.

Kenako gwiritsani ntchito mphuno ndi zala. Fungo la weniweni ndi lozama, lokhala ngati la thobwa wogona kapena chambiko chatsopano, ndipo kusasa kwake kumabwera pang'onopang'ono mukamatafuna. Wa viniga amalasa nthawi yomweyo n'kuzimirira, kutsala kukoma kwa buledi wamba. Musanyengedwe ndi kuwawasa kokha, pakuti sourdough wophikidwa bwino akhoza kukhala wosasa pang'ono chabe. M'kati mwake mumakhala monyowa pang'ono, monyezimira m'mphepete mwa mabowo, ndipo mukadina pamabwerera. Amatafunika, sasungunuka m'kamwa. Khungu lake ndi lolimba, kawirikawiri lokhala ndi timatuza ting'onoting'ono ngati mtanda unagona pozizira. M'manja amalemera kuposa buledi wamba wa msinkhu womwewo. Mabowo aakuluakulu amene anthu amajambula pa Facebook si umboni ayi. Buledi wa yisiti wothira madzi ambiri amakhala nawonso.

Umboni wina umabwera pakapita masiku. Asidi uja amachedwetsa nkhungu, motero weniweni amatha masiku anayi kapena asanu atakulungidwa m'nsalu, amangouma pang'onopang'ono. Kuno ku Mzuzu kumene chinyezi sichichoka, buledi wa yisiti wopanda mankhwala sachedwa kuchita nkhungu.

Pali nkhani ya thanzi imene ndiyenera kuinena mosabisa, chifukwa odwala shuga ambiri akugula buledi ameneyu ndi chiyembekezo chachikulu. N'zoona kuti kusasa kwa nthawi yaitali kumachepetsa asidi wa phytic amene amalepheretsa thupi kutenga ayironi ndi zinki kuchokera ku tirigu, ndipo anthu ena amati sawatupitsa m'mimba. Koma akadali buledi wa tirigu. Wodwala shuga adye moyeza monga anamulangizira kuchipatala, ndipo amene ali ndi matenda okana gluten, puloteni ya mu tirigu, asamudye n'komwe. Wogulitsa amene akuti buledi wake amachiritsa, mukayikireni.

Kwa inu amene mukufuna kuphika, yambani ndi botolo lagalasi loyera, monga la jamu kapena la chiponde. Thiranimo magalamu 50 a fulawa ndi magalamu 50 a madzi ofunda pang'ono. Ngati mulibe sikelo, masupuni anayi a fulawa ndi awiri a madzi, phala lake likhale lolimba ngati la mwana woyamba kudya. Fulawa wabulauni amayambitsa msanga chifukwa tizilombo tambiri timakhala ku gaga. Madzi a pampopi atungeni dzulo lake agone m'ndowa yosavundikira kuti klorini achepe. Vundikirani botolo mosamangitsa. Tsiku lililonse tayani theka, muwonjezere fulawa ndi madzi muyeso womwe uja. Kutayako kumawawa, ndikudziwa, poti fulawa ndi wodula ndipo tirigu wambiri timachita kuitanitsa kunja, wathu wa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa. N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi pang'ono, ndipo chotupitsa chikakhwima, chotayacho muzithira mu mtanda wa zitumbuwa kapena mandasi.

Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu phala limatha kufufuma kwambiri ndi kununkha moipa, kenako n'kukhala zii masiku angapo. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kukhuthula botolo. Musatero. Oyambawo ndi mabakiteriya ongodutsa, asidi akachuluka amafa okha, ndipo eni nyumba amabwera pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotupitsa chakhwima chikamakwera kufika kawiri msinkhu wake mu maola 4 mpaka 8 mutachidyetsa, masiku atatu otsatizana. Mangani mphira kapena ulusi pabotolo kuti muzionera pamene chinayambira.

Vuto lathu kuno ndi kuzizira. Tizilomboti timasangalala pa madigiri 24 mpaka 27, pamene Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika kufika pansi pa madigiri 10. Zimene ku Karonga kapena ku Nkhata Bay zingatheke pa sabata imodzi, kuno m'nyengo yachisanu zimatenga masabata awiri. Kulungani botolo m'juzi yakale, liikeni m'kabati ya kukhitchini, kapena pafupi ndi mbaula moto utazilala, osati pamoto penipeni, chifukwa kutentha kopitirira kumapha yisiti. Mayi wina wa ku Mchengautuwa amaika botolo lake mu dengu la nsanza limodzi ndi botolo la madzi ofunda, ndipo chake sichigona ngakhale mu Julayi. Mukaona madzi otuwa pamwamba, ndi njala chabe; tsanulani, mudyetse. Koma mukaona nkhungu yaubweya, kapena mizere yapinki kapena ya mtundu wa lalanje, tayani zonse, mutsuke botolo ndi madzi owira, muyambirenso.

Pophika buledi mmodzi, tengani magalamu 500 a fulawa wa buledi, amene ndi makapu anayi pafupifupi, madzi magalamu 350, chotupitsa chimene chili pachimake magalamu 100, ndi mchere magalamu 10, ndiwo masupuni aang'ono awiri osasefukira. Sakanizani mpaka fulawa wouma atatha, musiye theka la ola. Kukanda mwamphamvu ngati mandasi sikofunika. Nyowetsani dzanja, kokani mbali imodzi ya mtanda n'kuipindira pakati, muzungulire mbali zonse zinayi, ndipo mubwereze katatu kapena kanayi, pakadutsa theka la ola lililonse. Mudzamva nokha mtanda ukusintha m'manja, kuchoka ponyanyata kufika posalala ndi potanuka. Usiyeni wovundikira mpaka utakula ndi theka la msinkhu wake, pamwamba patatuluka timatuza, ndipo mukagwedeza beseni ukunjenjemera. Mu Okutobala zimenezi ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mu Julayi zikhoza kufika khumi. Yang'anani mtanda, wotchi isakulamuleni.

Uumbeni mozungulira, muuike m'kadengu kapena m'mbale yoyalamo nsalu yowaza fulawa. Pano kuzizira kwathu kumasanduka mwayi: m'nyengo yachisanu mukhoza kuugoneka usiku wonse pamalo ozizira m'nyumba, wovundikira bwino kuopa makoswe, ngakhale mulibe firiji, ndipo kukoma kumawonjezereka. M'nyengo yotentha ola limodzi kapena awiri akwana.

Uvuni si wokakamiza. Poto wachitsulo wokhuthala wokhala ndi chivundikiro amagwira bwino ntchito, moto pansi ndi pamwamba monga timaphikira chigumu. Tenthetsani poto kaye, ikani mtanda, chekani pamwamba ndi lezala latsopano, vundikirani. Makala ambiri akhale pachivundikiro, pansi ochepa, apo ayi mudzapsereza pansi m'kati musanapse. Mphindi 20 zoyamba musatsegule, chifukwa nthunzi yotsekeredwayo ndi imene imalola buledi kukwera khungu lisanaume. Kenako tsegulani pang'ono nthunzi ituluke, mupitirize mphindi zina 20 mpaka 25. Ngati muli ndi uvuni wamagetsi, ikani pa madigiri 230 mpaka 250. Wapsa mukagogoda pansi pake n'kumalira ngati ng'oma. Ana adzakuzungulirani ndi fungo, koma musamudule asanathe ola limodzi kapena awiri, m'kati mumakhala mukupsabe.

Amayi ena andifunsa ngati n'kulakwa kuthira kayisiti pang'ono masiku ozizira kuti oda ya m'mawa isachedwe. Si kulakwa, ndipo buledi wake amakoma. Koma lembani papepala kuti muli chotupitsa chamoyo ndi yisiti, ndipo mtengo wake ukhale wa buledi wotero. Powerengera mtengo wa weniweni, ikanimo makala, fulawa wodyetsera botolo ndi maola anu onse.

Chotupitsa chikakhwima, pakani supuni ziwiri mopyapyala pa mbale, ziume pamthunzi, muzifikise n'kusunga m'kabotolo kouma. Tsiku limene botolo lalikulu lasweka kapena mwakhalitsa kumudzi ku maliro, mudzangonyowetsa zoumazo, kuzidyetsa masiku atatu kapena anayi, ndipo zidzadzuka. Gulu la ku Chibavi lija linayambitsa mabotolo asanu tsiku lomwe lija. Awiri anachita nkhungu chifukwa cha supuni zosatsuka, atatu akukwera bwino, ndipo Lachinayi likubwerali tikaphika buledi woyamba pa mbaula.