Kusankha sukulu ya ndege ngati mukufuna kudzaphunzitsa ena kuuluka

Musanalipire sukulu iliyonse, kayezetseni kaye kwa dokotala wovomerezeka wa za ndege kuti mupeze chiphaso cha zaumoyo cha Class 1. Maso, mtima kapena shuga zikavuta pambuyo pake, ndalama zonse zalowa m'madzi.

Kuno ku Malawi ambiri amakaphunzira kunja, makamaka ku South Africa. Kumeneko mumayamba ndi PPL (laisensi youlutsira ndege mosalipidwa) pa maola ouluka osachepera 45, kenako chilolezo chouluka usiku, kenako CPL (laisensi youlutsira ndege pa ntchito yolipidwa) pa maola 200. Chilolezo chophunzitsa cha Grade III, chomwe ndi gawo loyamba la uphunzitsi, chimabwera pamapeto. Chilolezo chouluka poyang'ana zida za m'ndege zokha musachidumphe, chifukwa mitambo ya Chiperoni ikaphimba phiri, maso sathandiza.

Posankha sukulu, funsani kuchuluka kwa ndege zomwe zikuulukadi, osati zoima m'shedi. Ndege ziwiri za mtundu wa Cessna 172 kwa ophunzira ambirimbiri zimatanthauza kudikira masabata, ndipo dzanja likaiwala mumalipiranso maola obwereza. Funsaninso ngati amalemba ntchito ophunzira awo, poti maola oyamba ophunzitsa amapezeka pomwepo.

Lipirani gawo ndi gawo, sukulu zina zimatsekedwa ndi ndalama za anthu. Pobwerera, laisensi yakunja iyenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu a zandege kuno kwathu.