Mmene Mungayezere Mphamvu za Asilikali Apamadzi a Canada pa Nthawi ya Nkhondo

Anthu akamakamba za Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, kawirikawiri amatchula Britain, America ndi Soviet Union, ndipo Canada amaitchula mongodutsa. Ngati mukufuna kudziwa bwino zimene asilikali apamadzi a dzikoli anachita, musayambe ndi kufunsa kuti anali ndi sitima zikuluzikulu zingati, chifukwa funso limeneli lidzakusocheretsani. Funsani kaye ntchito imene anapatsidwa, kenako muone ngati anaikwanitsa.

Choyamba, yerekezerani pamene anayambira ndi pamene anafika. Gulu lankhondo lapamadzi la Canada linakhazikitsidwa mu 1910, Wilfrid Laurier ali nduna yaikulu, koma pamene dzikolo linalowa m'nkhondo pa 10 Sepitembala 1939, gululi linali ndi sitima zisanu ndi imodzi zokha za mtundu wa destroyer (sitima zankhondo zothamanga kwambiri) ndi asilikali pafupifupi 3,500, kuphatikizapo amene ankangoitanidwa pakafunika. Pofika 1945 linali ndi sitima zoposa 400 ndi anthu pafupifupi 95,000, ena mwa iwo akazi amene anayamba kulembedwa mu 1942. Ziwerengero zimenezi muziike pambali pa chiwerengero cha anthu a m'dzikolo, amene panthawiyo anali pafupifupi 11 miliyoni, kuti muone kukula kwa katundu amene anasenza.

Kenako tengani mapu a nyanja ya Atlantic ndi kupeza madoko atatu: Halifax ndi St. John's kumbali ya Canada, ndi Londonderry ku Northern Ireland. Britain inkadalira chakudya, mafuta ndi zida zochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza sitima zonyamula katunduyo. Njira yodzitetezera inali kuyenda mumdipiti, sitima zankhondo zikuperekeza m'mbali, ndipo mdipiti woyamba wochokera ku Halifax, wotchedwa HX 1, unanyamuka pa 16 Sepitembala 1939. Ntchito yaikulu yoperekezayi inagwa pa sitima zing'onozing'ono za mtundu wa corvette, zimene zinkamangidwa mofulumira m'madoko a Canada, zinkapendekeka kwambiri pa mafunde, ndipo ambiri mwa amene ankaziyendetsa anali anyamata ongodzipereka amene sanakulire panyanja. Apa ndi pamene owerenga ambiri amalakwitsa, chifukwa amawerenga sitima za adani zimene zinamizidwa, pamene muyeso woyenera wa woperekeza ndi kuchuluka kwa sitima zimene zinafika bwinobwino. Asilikali a Canada anaperekeza maulendo a sitima zamalonda oposa 25,000. Kudalirika kwawo kunaonekera mu 1943, pamene Leonard Murray, mkulu wa asilikali apamadzi wa ku Canada, anapatsidwa ulamuliro wa chigawo chonse cha kumpoto chakumadzulo kwa nyanjayi.

Musabise zofooka, pakuti mbiri yongotamanda siikhutiritsa munthu wodziwa zinthu. Gulu limene lakula mofulumira chonchi silikanakhala ndi nthawi yokwanira yophunzitsa anthu ake, ndipo makina ake ofufuzira adani anali otsalira poyerekeza ndi a Britain. Kumayambiriro kwa 1943 magulu a Canada operekeza anachotsedwa kwa kanthawi pakati pa nyanja kuti akaphunzire ndi kukonza zida zawo. Samalaninso ndi mawu otchuka akuti pakutha pa nkhondo Canada inali pa nambala yachitatu padziko lonse pa mphamvu zapamadzi. Yankho limasintha malinga ndi tsiku limene mukuwerengera, ndiponso ngati mukuwerenga sitima, kulemera kwake kapena anthu, choncho akatswiri ena a mbiri amaiika pa nambala yachinayi kapena yachisanu. Ndi bwino kungonena kuti inali m'gulu la mayiko ochepa otsogola.

Mukatero, onani mtengo umene analipira. Asilikali apamadzi pafupifupi 2,000 anafa, kuphatikizapo 128 a m'sitima ya HMCS Athabaskan (HMCS ndi zilembo zoyambira mayina a sitima zankhondo za Canada) imene inamizidwa pafupi ndi gombe la France mu Epulo 1944. Nkhondoyo inafikanso kwawo kwenikweni, chifukwa kuyambira mu 1942 adani ankamiza sitima mumtsinje wa St. Lawrence ndi m'nyanja imene mtsinjewo umathiramo, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anamiza SS Caribou, sitima yonyamula anthu wamba, anthu oposa 130 n'kufa. Amalinyero a sitima zamalonda, amene pafupifupi 1,600 anafa, musawaiwale, ngakhale kuti boma linachedwa mpaka mu 1992 kuwazindikira monga asilikali akale.

Zapamadzi muzilumikize ndi zapamtunda. Kupambana kwa asilikali a Canada ku Vimy Ridge mu 1917, pa Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse, ndi tsoka limene linawagwera ku Dieppe mu Ogasiti 1942, malo onse awiri a ku France, ndi zodziwika, koma pa 6 Juni 1944, pamene asilikali a Canada pafupifupi 14,000 anafika ku Normandy, m'dziko lomwelo la France, ambiri a iwo pagombe la Juno, sitima za dziko lawo zoposa 100 zinalinso pa ntchito, zina zikuchotsa mabomba otcheredwa m'madzi kuti njira itseguke.

Njira yabwino yomangira zonsezi pamodzi ndi kusankha sitima imodzi ndi kuitsatira kuyambira pamene inamangidwa mpaka pamene inasiya ntchito. HMCS Sackville, corvette yokhayo ya mtundu wa Flower imene yatsala, imasungidwa ku Halifax, ndipo HMCS Haida, imene inamenyanso nawo nkhondo ya ku Korea, ili ku Hamilton m'chigawo cha Ontario. Mafaelo a asilikali amene anafera kunkhondo amasungidwa ndi Library and Archives Canada, bungwe la boma losunga zolemba zakale, ndipo mayina awo mukhoza kuwafufuza pa intaneti. Pofufuzapo kumbukirani zinthu ziwiri zimene zimasokoneza: Newfoundland, kumene kuli St. John's, sinali mbali ya Canada mpaka mu 1949, ndipo dzina la gulu lankhondo lapamadzili lakuti Royal Canadian Navy linasiya kugwiritsidwa ntchito mu 1968 pamene magulu ankhondo anaphatikizidwa, n'kubwezeretsedwa mu 2011, choncho zolemba za zaka zapakatizi muzizifufuza pa dzina lakuti Maritime Command.